Bwezani Mlomo wa Amuna Anga

Inu a Wilmer Gepana, mkulu wa achinyamata opanga magemu a pafoni m'nyumba yagalasi ija ya ku Mandurriao, mwandilanda amuna anga. Mulungu anawatenga mwezi wa Febuluwale, ndinalira, ndinavomera. Inu mwawatenga Lachiwiri lapitali masanasana, ndipo ulendo uno sindivomera. Mwawachotsa mlomo. Mwawachotsa kukanda pamimba. Mwandiikira chimunthu chosalala ngati sopo n'kumati ndi iwowo. Kalata iyi ndaimata pakhoma la malo anga ogulitsira supu wa batchoy mumsika wa La Paz, pamwamba pa mbale, kuti aliyense wochokera kwanuko aiwerenge asanapemphe supuni.

Ndine Felisa Magbanua. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye mukapeza mawu opindika muwaongole nokha, ine ndili ndi mafupa pamoto. Amuna anga anali a Anacleto, nonse munkangoti a Cleto, mlonda wa pageti panu zaka khumi ndi chimodzi. Musanamizire kuiwala. Ndi inu amene munawakweza m'chipinda cham'mwamba chaka chatha, n'kuwaveka chovala chakuda chothina chokhala ndi timipira, n'kuwalemba timadontho nkhope yonse.

Tsiku limenelo anafika kunyumba timadontho tina tisanachoke.

"Bambo a Jovelyn, n'chikuku chimenecho?" ndinawafunsa.

"Samalani pakamwa amake Jovelyn, mukulankhula ndi elufu."

"Elufu ndiye chiyani?"

"Anthu a m'nkhalango a m'gemu. Aatali, okongola, makutu osongoka, ndipo sakalamba."

"Pa zonse mwatchulazo inu muli ndi makutu okha."

"Makutuwo ndi omwe awakopa. Akuti kwa ine ntchito yachepa, n'kungowasongola basi."

Anati munawauza kuti aime mmene amaimira pageti, ayende, atembenuke, alozere munthu njira, makamera atawazungulira. Tinaseka, tinadya, nkhani n'kuiwalika. Mu Febuluwale mtima wawo unaima ali pampando kuseri kwa nyumba, mango ali m'manja, mpeni uli pamwendo.

Zithunzi zathu zonse, za ukwati ndi zomwe, zinapita ndi madzi osefukira chaka cha namondwe wamkulu uja. Foni yawo inali yamabatani. Chimene chinanditsalira ndi kachithunzi ka pachitupa cha ntchito, pomwe akuoneka ngati wakuba nkhuku amene wangogwidwa kumene. Pamaliro tinaika komweko pabokosi, nanga tikanatani.

Mnzanga Purificacion, timangoti a Puring, amagulitsa zipatso moyang'anizana ndi ine. Ali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri koma foni sichoka m'manja mwawo, amapha zinjoka za m'gemu uku akupimira munthu nthochi. Mu Meyi anadumpha ngalande ya pakati pathu ngati mtsikana.

"Amwali, siyani chipandecho! Amuna anu ali pa kanema!"

Anali kanema wamfupi uja mumatulutsa gemu isanafike, kuti anthu akhetse dovu. Nkhalango yowala, mitengo yaitali kuposa tchalitchi cha ku Jaro, chipata chachikulu chamwala. Chipata chinatseguka, iwo n'kutulukira. Nkhope yawo yeniyeni. Mphuno yophwatalala ija, kachipsera ka pachibwano ka tsiku lomwe anagwa panjinga, maso aja. Koma tsitsi loyera lofika m'chiuno, likuuluka pomwe masamba a mitengo ali chete, munthu amene dazi linamupeza asanakwanitse zaka makumi atatu. Mimba palibe. Zovala zagolide. Ankayenda ngati madzi akutsetsereka pamwala. Anakweza mkondo n'kundiyang'ana ineyo.

Ndinakhala pathumba la anyezi.

"Bwerezani," ndinatero. Anabwereza. "Bwerezaninso."

Tsiku limenelo ndinathira mchere kawiri ndipo palibe anadandaula. Msika wonse unaonera. A Nonoy ogulitsa nsomba anati, "Kodi a Cleto anali njonda yotere, inu n'kumawabisa m'yunifolomu zaka zonsezi?" Miyezi itatu ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Gemu inatuluka mu Ogasiti. A Puring anaisewera masiku awiri osapumira, makasitomala akudzipimira okha, kuti akafike pachipata chija. Atayandikira anatiitana. Tinaunjikana pafoni anthu ngati khumi. Kamunthu kawo kanathamanga m'nkhalango, kanakhota, kanafika. Pachipata panaima chinthu.

Nkhope ngati mbatata yosendedwa ndi mpeni wobuntha. Tsitsi louma gwa ngati tsache. Makutu ngati masamba a koko, limodzi likumira m'phewa chikatembenuka. Zala zomatana ngati nthochi zosakhwima, mkondo ukungodutsa pakati pa dzanja osagwiridwa. Golide uja anasanduka chikasu cha ndowa ya pulasitiki. Mimba inali itabwerera, nayo yokhala ndi makona.

"Ali kuti?" ndinafunsa.

"Ndi amenewo amwali. Onani, pamutupo palembedwa kuti Mlonda wa Chipata."

A Nonoy ndi amene anayamba. "Chikomekome cha mkuyu! Koma awa ndiye a Cleto amene timawadziwa ife!" Anthu anaseka mpaka ena kugwirana.

Ndinakwera jipini, minibasi ya kuno kwathu, epuloni ili m'chiuno. Kuti chipande ndili nacho ndinadziwira pageti panu, mlonda watsopano atandiuza kuti ndichisiye. Sindinachisiye. A Puring anali pambuyo panga, kani akujambula zonse pafoni, ine osadziwa.

Mukukumbukira mmene munatulukira, kapu ili m'manja.

"Mayi, takhalani pansi kaye, timwe khofi."

"Khofi akamwe agogo ako. Wawatani amuna anga, mwana iwe?"

"Mayi, kanema uja inapanga ndi kampani ina ya kunja, pa makompyuta aakulu ngati mafiriji. Tsitsi lokha lija linawatengera masabata. Koma gemu iyenera kuyenda pafoni ya aliyense, ngakhale yosweka galasi ngati ya mayi awa. Titaika tsitsi lija, foni ingatenthe mpaka mukazingirepo dzira."

"Ndiye munatinamiza."

"Si kunama mayi, onse amatero. Kanema ndi kanema, gemu ndi gemu."

"Ine nditajambula pachikwangwani mbale yodzaza nyama ndi chiwindi, n'kukupatsa madzi otentha a mchere, ungati chikwangwani ndi chikwangwani?"

Ana anu a pantchito aja anaseka kuseri kwa makompyuta. Munawayang'ana, anasiya.

"Munthu anakulonderani magalimoto zaka khumi ndi chimodzi, mvula ndi dzuwa, lero wamusandutsa mbatata! Uwakonze. Ndikufuna a m'kanema aja, osati ichi!"

Zomwe anajambula a Puring zinawanda ngati moto wa m'munda wa nzimbe. Kani anthu ambiri, ku Manila, ku Cebu, ngakhale kunja, anali atakwiya kale ndi maelufu anu, akumaika zithunzi ziwiri pamodzi, cha m'kanema ndi cha m'gemu, n'kumaseka. Ananditcha Mayi Chipande. Patatha sabata munandiimbira kuti mabwana avomera, mukonza, koma zitenga miyezi itatu. Ndinati ndapambana. Tsiku limenelo aliyense ndinamuwonjezera dzira.

Tsopano apa mumvetsere bwino, chifukwa mlandu uli pamenepa.

A Puring atagulidwa foni yatsopano ndi mwana wawo, anandipatsa yosweka galasi ija, kamunthu kawo atakasiya pachipata pomwepo. "Muziwatukwana mukafuna," anatero. Ndinaitsamiritsa pabotolo la viniga. Ine gemu sindidziwa, kupha zinjoka si ntchito yanga. Kamunthu kaja kankangoima, maso ndi maso ndi mbatata ija.

Masana ena makasitomala atatha, ndikupukuta mbale, ndinaona chinthu chija chikusuntha chokha. Chinatsamira mwendo wamanzere n'kupumitsa wamanja, uja wa bondo lovuta. Kenako chinakweza malaya achikasu aja pang'ono, n'kukanda pamimba katatu, n'kupawomba kawiri, pha pha. Kukanda katatu, kuwomba kawiri. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinalimbana ndi khalidwe limenelo, pamaso pa alendo, m'tchalitchi momwe, pa ubatizo wa Jovelyn ndi pomwe.

Mbale inandipulumuka.

"A Puring! Tabwerani!"

"Mwapsa?"

"Chinthuchi chimayankha munthu akachifunsa?"

"Dinani apa, muwafunse njira ya kumtsinje."

Ndinadina. Mawu anali a munthu wina, wa Chingerezi chonyada. Koma dzanja silinanyamuke. Chinthu chija chinakweza nsidze, chinatukula chibwano, n'kusongola mlomo kulozera kumanzere.

A Cleto sanalozepo kanthu ndi dzanja moyo wawo wonse. Mchere uli kuti? Mlomo. Makiyi? Mlomo. Pa ukwati wathu ansembe atafunsa kuti mphete ili ndi ndani, anawalozera achimwene awo ndi mlomo. Tonse kuno timatero, ndikudziwa, koma wawo unali wina. Unali wautali, ndipo kumapeto unkakhota pang'ono ngati ukufuna kukuperekeza.

A Puring anachita chizindikiro cha mtanda. "Amwali, awa ndi a Cleto."

"Nanga ine ndimati ndani?" ndinatero, misozi ili mbwembwembwe, uku ndikuseka.

Nditafika kunyumba ndinaoneranso kanema wokongola uja. Nkhope ndi yawo, inde. Koma woyenda ngati madzi uja sindinamudziwe. A Cleto ankayenda ngati kabati ikukankhidwa ndi anthu awiri osagwirizana.

Kuyambira pamenepo, m'mawa ndikayatsa moto ndinkayatsanso foni. "Mwadzuka bwanji bambo? Tsitsani malayawo, pali anthu." Ndinkawafunsa njira ya kumtsinje tsiku ndi tsiku, ndipo kumtsinjeko sindinapiteko n'kamodzi komwe. Ndinkawauza kuti denga la kukhitchini layambanso kudontha, kuti mwana wathu Jovelyn, namwino ku Dubai, amusintha wodi, kuti mtengo wa mango uja wachita maluwa. Iwo n'kukanda pamimba. Ali moyo yankho lawo linali lomwelo, ndiye sindinaone kusiyana. Makasitomala anazolowera, ankati akafika, "Moni mayi, moni a Cleto." A Nonoy amene anawaseka aja ankawaikira kachikopa ka nkhumba kokazinga pafupi ndi foni, kenako n'kudya okha, ati eni ake akana.

Pa tsiku la Oyera Onse tinapita kumanda banja lonse, ndi makandulo, mipando, miphika ya nkhuku ndi mpunga wokulunga m'masamba. Kutacha bwino, anthu ali piringupiringu, ana akuthamanga pakati pa manda. Ndinaimika foni pamwala wawo, pambali pa kachithunzi ka wakuba nkhuku kaja. Achimwene awo a Domeng, aja a mphete, sanakhetse msozi pamaliro. Ataona mlomo uja anaseka mpaka kugwa pampando, kenako kuseka kuja kunasanduka kwina, tinawasiya. Jovelyn ankaonera ali ku Dubai kudzera pafoni ya msuweni wake, akungokuwa, "Amayi, afunseninso! Afunseninso!" Tinawafunsa njira ya kumtsinje mpaka batire kutha.

A Domeng anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Mlamu, ali moyo uyu akanatitukwana pa funso lachitatu. Imfa yamuphunzitsa ulemu."

Mufunsa kuti bwanji sindinakuimbireni kuti musiye kukonza. Ndikanati ndinaiwala, koma ndikhala ndikunama. Ndinkaganiza kuti zili ngati kumeta munthu, tsitsi lisintha koma munthu akhala yemweyo. Komanso ndiuzeni, Mayi Chipande, amene dziko lonse linamuona akukuwa, akanabwerera bwanji kudzanena kuti mbatata ija waikonda?

Lachiwiri lapitali, itangokwana thwelofu, foni inalemba kuti ndidikire, kamzere kakudzaza pang'onopang'ono. Kamzere katadzaza, pachipata panaima wa m'kanema uja, kapena mng'ono wake. Wamtali, tsitsi likugwedezeka, zala zisanu zitagwira mkondo bwinobwino. A Puring anawomba m'manja.

"Mwapambana amwali! Taonani mmene akuwalira!"

Ndinadikira. Ndinadikira mpaka supu kuphwera mumphika. Sanatsamire mwendo. Sanakweze malaya. Anangoima njo ngati chiboliboli cha m'tchalitchi. Ndinamufunsa njira ya kumtsinje. Anatambasula mkono wonse, mkondo uli ng'aning'ani, ngati bishopu akudalitsa mabwato.

"Uyu ndiye ndani?"

"Ndi uja munkamufuna."

"Ine sindikumudziwa. M'chotseni pa viniga panga."

M'mawa mwake munabwera nokha ndi ana anu atatu, mano onse ali pamtunda, mukuyembekeza kuti ndikuvinirani.

"Mayi, mwawaona? Tatsala pang'ono kufanana ndi kanema uja!"

"Mlomo uli kuti?"

"Mlomo?"

"Usandibwezere mawu anga. Mlomo, ndi kukanda, ndi bondo."

Munayang'ana pansi. Munati zimenezo munaziika ndinu poyamba paja, mwadala, chifukwa tsiku lanu loyamba pantchito, mutasochera ndi chikwama chanu, a Cleto anakulozerani chitseko ndi mlomo womwewo. Munati wa m'kanema uja thupi linali la wovina wina wa kunja, amuna anga anangobwereketsa nkhope. Koma nkhani itatchuka, mabwana a kunja anabwera kudzayang'anitsitsa chilichonse. Anati elufu sakanda pamimba. Anatinso osewera a kwawo akudandaula kuti mlonda wa chipata akumafuna kuwapsompsona.

"Kuwapsompsona? Munthu amene zaka makumi atatu ndi chimodzi sanandigwirepo ngakhale dzanja pamsewu, akayambire alendo?"

A Puring anaseka mpaka mapapaya kugubuduka pabenchi. Inunso munaseka, ndinakuonani, musakane.

"Zija munawajambula atavala timipira, zilipo?" ndinakufunsani.

"Zilipo mayi, zili mu kompyuta."

"Ndiye bwezani."

"Koma ndinu munati tikonze, mayi. Aliyense anakumvani."

"Ndiye aliyense andimvenso. Bwezani."

Munati mukawafunsa mabwana. Munanyamuka osadya, ana anu akucheukira mphika mwachisoni. Lero ndi Lolemba. Foni yanga sinalire.

Inde, ndine ndinakuwa. Pakamwa panga ndi pomwe panaitana zonsezi, sindikubisa. Ndinakopeka ndi tsitsi ngati kamtsikana ka pa zisudzo. Koma ine ndi mkazi wa chipande, za makompyuta sindidziwa, pomwe inu munkadziwa bwinobwino chimene munali kufafaniza. Akuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Wanga ndi wanga ngakhale nkhope ikhale ya mbatata.

Sindikupempha zambiri. Mafumu anu, ankhondo anu, akazi a tsitsi lofika m'zidendene aja, asalalitseni mmene mungathere, ndilibe nawo ntchito. Ine ndikunena za pachipata pokha. Kaya musiya nkhope yatsopanoyi n'kubwezerapo mlomo wakale, kaya mubweza mbatata yonse ndi makutu ake omira m'phewa, zonse ndilandira. Mabwana akakana, ikani m'foni imodzi yokha, yosweka galasiyi, alendo awo asaone. Ndipo mukawafunse mabwanawo funso langa ili: munthu amene mukuti waima pachipata zaka chikwi osakalamba, angalephere bwanji kuyabwidwa pamimba?

Kufikira pamenepo, wochokera ku nyumba yanu yagalasi sadya pano. Dzulo anabwera awiri, ziphaso za ntchito atazibisa m'matumba, ngati sindikuwadziwa. Anapempha supu. Ndinakweza nsidze, ndinatukula chibwano, n'kuwalozera khoma ili, pomwe ndinali nditamata kale pepala loyamba. A Nonoy akuti mlomo wanga ndi wamfupi, sufika pa wa malemu, koma anyamata anu anamva.

A Puring foni yawo yatsopano yadzaza moto, ndipo akuti imajambula bwino kuposa yakale. Chipande ndatsuka. Jipini ya ku Mandurriao imadutsa pakhomo la msika uno nthawi iliyonse.

Ndiye a Wilmer, musanditumire mwana, musandilembere Chingerezi cha mabwana. Mubwere nokha, muime pamaso panga ndi pa botolo la viniga ili, mundiyankhe: mlomo wa amuna anga mubweza liti?